Mwana wa Dalvina Anali M'manja mwa Alamu Anga

1

Ndikalemba dzina langa lonse pano, a mumzinda mwathu andizindikira asanafike pa ndime yachiwiri, choncho ingonditchani Zuleide telala. Ndimasoka madiresi a ukwati, mayunifolomu a ana asukulu, ndi mikanjo yakuda ya oweruza a kukhoti lalikulu la m'chigawo chathu. Ntchito ya mikanjoyi sindinaipeze chifukwa cha luso, ndisakunamizeni. Ndinaipeza chifukwa mmodzi wa oweruzawo, a Dotolo Hermínio, anakwatira achemwali anga a Neusa. Udotolo wawo ndi wa malamulo, jakisoni sanabayepo ngakhale nkhuku.

Chibale chimenechi n'chimene chinabweretsa Dalvina pakhomo la shopu yanga. Anali mayi wochepa thupi, wogulitsa zitumbuwa za chinangwa pa depoti ya mabasi. Anaima pakhomopo nthawi yaitali akupotokola mpango wake m'manja. Nditamufunsa ngati akufuna kusoketsa, anati nsalu alibe, ali ndi mlandu.

Nkhani yake inali yotere. Atangobereka mwana wamkazi anadwala chifuwa chachikulu, nagonekedwa m'chipatala miyezi yambiri. Khandalo analisiya kwa mabwana amene ankawachapira zovala, eni sitolo yaikulu ya matayala, anthu opanda mwana. Potuluka m'chipatala anapeza kuti mabwanawo anakalembetsa mwanayo ku kaundula ngati wobereka okha. Iye anamutcha Marlúcia, iwo anamulemba kuti Beatriz. Khoti laling'ono linalamula kuti mwana abwerere kwa mayi wake, koma mabwana anachita apilo, mlandu n'kukwera kwa oweruza atatu a khoti lalikulu. Woyamba anati mwana abwerere. Wachiwiri anati akhale komwe wazolowera, popeza wayamba kale sukulu ya mkaka. Wachitatu anapempha kuti autenge mlanduwo akauonetsetse kunyumba, monga lamulo limawalolera, adzanene mawu ake mwezi wotsatira. Kumene akanagwera wachitatuyo n'kumene mwana akanapita, ndipo wachitatuyo anali alamu anga.

"Mayi, sindikupempha kuti apotoze lamulo ayi," anatero Dalvina. "Mungowauza kuti mwanayo ndinabereka ndine. Mwina pamapepala sizikumveka bwino."

Ndinamuuza kuti alamu anga salola kuuzidwa za milandu, ndipo zinali zoona. Koma atachoka ndinasokerera mkono wa diresi mozondoka. Ndinamasula ulusi wonse, n'kusokanso mozondoka. Tsiku limenelo ndinatseka shopu dzuwa likadali pamutu.

2

Muyenera kuwadziwa alamu angawa. Bambo awo ankaweta ng'ombe za eni ake kumtunda kouma kuja, kumene chaka chimatha mvula osaiona. Alamuwo anakhoza mayeso a uweruzi ali mnyamata woonda ngati singano yanga, ndipo boma linayamba kuwaponya m'matauni a fumbi, uku zaka zingapo, uko zaka zingapo, a Neusa ali kalikiliki kulongedza mapoto. Ine ndinakulira m'nyumba mwawo makolo athu atamwalira, ndiye zambiri ndinaziona ndi maso angawa. Mwini munda wina atamangirira mbuzi pa mpanda wathu mlandu wake uli mkati, alamu anaikoka okha chingwe, atavala taye, kudutsa pamsika ponse mpaka pakhomo pa mwini wakeyo. Pa mlandu wina wa malire anawaonetsapo mfuti, iwo osagwedezeka. Anzawo odziwa kudya ndi andale anawapitirira mmodzimmodzi. Iwo anafika kukhoti lalikulu imvi zili mbuu, ndipo chinawakweza n'kukhalitsa pantchito basi.

Panali chinthu chimodzi chimene ankadzitama nacho mpaka kutitopetsa. Lamulo limalola woweruza kudzichotsa pa mlandu akangonena kuti ali ndi chifukwa cha mumtima, ndipo palibe amene angamufunse kuti chifukwacho n'chiyani. Ambiri amathawira pamenepo mlandu ukatentha. Alamu ankati limenelo ndi khomo la amantha, ndipo pa zaka zawo zonse sanatulukirepo. Tsopano anali pafupi kukwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, pamene lamulo limavula munthu mkanjo afune asafune, ndipo anali atandiuza kuti ndiwasokere watsopano wotsanzikira.

Lamulungu lililonse timadya kwawo. Amene ananditsegulira geti Lamulungu lotsatira anali Iolanda, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene ine ndine mayi wake wa ubatizo. Ndi dokotala wa mano, ali ndi ana ake awiri, koma mpaka lero amandipsompsona dzanja.

"Ndidalitseni, a Dinda," anatero. Kwathu kuno mayi wa ubatizo timamutcha choncho.

"Mulungu akudalitse, mwanawe. Koma wanenepatu."

"Ndatengera inu," anatero akuseka. A Neusa anatembenuka n'kulowa kukhitchini.

Patebulo ndinayambira kutali. Ndinadandaula za kukwera mtengo kwa chinangwa, kenako za amayi ogulitsa pa depoti, kenako ndinati pali wina amene akuvutika ndi nkhani ya mwana. Alamu anaika foloko pansi mwaulemu wonse.

"Zuleide, patebulo pano pamafika nyemba, mpunga ndi miseche ya kutchalitchi. Milandu imathera pageti."

Onse anaseka, inenso ndinaseka nawo. Koma potsuka mbale a Neusa ananditsina pamkono monga ankachitira ndili mwana, n'kundinong'oneza kuti akudziwa kumene ndikulowera, ndisayerekeze. Nditawafunsa ngati mlanduwo auwerenga, anati iwo amawerenga nkhope yanga, imawakwanira.

3

Masiku otsatirawo ndinasowa mtendere. Ndikakhala pa makina, ndinkafuna kuyenda. Ndikayenda, ndinkafuna kubwerera. Ndinapita ku Misa ya pakati pa sabata n'kutuluka ansembe asanamalize ulaliki. Ndinkaimba foni ku ofesi ya alamu, mlembi wawo akayankha ine n'kudula. Mkwatibwi wina anandilanda nsalu yake n'kukasoketsa kwina, ndipo sindinamudandaule.

Dalvina ankabwera pafupipafupi, zitumbuwa zili m'kapepala, funso lake lili limodzi lomwelo: kodi mwawauza? Ndinkati ndikudikira mpata. Tsiku lina anandipempha kuti ndimuperekeze. Masana aliwonse ankasiyira mnzake chiwaya n'kukaima tsidya lina la msewu, moyang'anana ndi geti la sukulu ya mkaka. Loya wake, wa boma wothandiza osauka, anali atamuletsa kuyandikira. Tinaima pamenepo pansi pa mtengo wa mango, ana akutuluka, mpaka anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Uyo, wa kachikwama kofiira. Onani mmene akupondera phazi lamanzere, cham'kati. Ndi mayendedwe a malemu mayi anga amenewo."

Kamtsikanako kanatiyang'ana monga mmene munthu amayang'anira mtengo wa magetsi, n'kulowa m'galimoto. Dalvina anamwetulira ngati wapatsidwa mphatso. Ine ndinakhala pansi m'mphepete mwa msewu momwemo, iye n'kumandikupiza ndi mpango, kundipepesa kuti wandiyendetsa padzuwa.

Mumtima mwanga munalibe chikaiko: alamu sangamubweze mwana ameneyu. Akananena kuti zimene anachita a matayala aja n'zolakwa, akanakhala akudziloza okha chala. Ndinali ndi chifukwa chodziwira zimenezi, ndipo m'dziko lonse ochidziwa tinatsala anthu atatu.

4

Mpata unapezeka pamene mkanjo watsopano unafika poyeza. Ndinapita nawo ku ofesi kwawo, mlembi anatitsekera chitseko, alamu anaima pakati pa chipinda atatambasula manja. Ndinagwada kuti ndipinde m'munsi, mapini ali pakamwa. Ndinawalavulira m'dzanja.

"Alamu, mwana wa Dalvina mumubweza?"

"Zuleide, pinda mkanjo."

"Ndikufunsa ine. Dalvina ameneyu ndi ine, alamu, ndipo mukudziwa."

Apa ndikuuzeni chimene ndakhala ndikuchizungulira. Ndisanakwanitse zaka makumi awiri, tili ku tauni ina ya kumtunda kumene alamu anali woweruza wachinyamata, dalaivala wa lole anandisiya ndi pakati n'kusowa ngati utsi. A Neusa anali atapita padera kangapo, ndipo madokotala anali atawauza kuti asayesenso. Alamu anatitumiza ine ndi a Neusa ku famu ya azakhali, kutali ndi maso a anthu. Pobwerera, ine ndinali nditamanga mabere ndi nsalu, a Neusa atanyamula khanda. Ku kaundula anapita okha alamu, ndipo ndani angafunse woweruza ngati mkazi wake anaberekadi? Kuti ndisamukhale kutali mwanayo, anagwirizana kuti ndikhale mayi wake wa ubatizo. Mpingo sulola kuti mayi wobereka akhale mayi wa ubatizo wa mwana wake yemwe. Ine ndinaima pamaso pa ansembe, Iolanda ali m'manja mwanga, mkaka ukunyowetsa nsalu ija m'kati mwa diresi, ndipo ndinayankha mafunso onse bwinobwino.

Palibe anandigwirira ndodo. Ndinali ndi mantha ndi manyazi, ndipo ndinavomera. Chaka chotsatira nditayamba kulira kuti ndikufuna mwana wanga, a Neusa anati zamapepala zinatha kale, kodi ndikufuna kuwapereka amuna awo kundende? Ndinakhala chete kuyambira pamenepo. Sindinakwatiwe, sindinaberekenso.

Zonsezi alamu ankazidziwa, choncho sindinawafotokozere. Ndinangoimirira n'kunena mawu amene ndinali nditawakonza m'njira.

"Mukamusiya mwana uja kwa a matayala, ine ndidziwa chifukwa chake. Mukhala mukudziyeretsa nokha. Ndiye tsiku lomwelo ndikamuuza Iolanda kuti dzanja limene amapsompsona lija n'la ndani."

Sanakalipe. Anavula mkanjo uja pang'onopang'ono, mapini ali momwemo, n'kuuika pampando. Nkhope yawo inali ya munthu amene wamva za maliro.

"Mlamu, ukanadziwa chimene wachita."

"Ndachita zimene ndinayenera kuchita kalekale."

"Wabwera kudzalankhulira mbali imodzi ya mlandu umene uli m'manja mwanga, ndipo wandiopseza. Tsopano ndikati mwana abwerere, wanena ndani, ine kapena mantha anga? Anthu aja sadzadziwa. Koma ine ndidzadziwa kuti sindikudziwa."

Ine ndinati awa ndi machenjera a anthu a malamulo, kupota mawu ngati chingwe. Ndinanyamula mkanjo wanga n'kutuluka mtima uli m'malo koyamba pa masabata onsewo. Ndinkati ndawagwira pakhosi. Madzulo ake ndinapita pa depoti n'kuuza Dalvina kuti agone tulo, nkhani yatheka.

5

Tsiku la chigamulo ndinamubwereka Dalvina diresi langa labuluu, nditalichepetsa m'chiuno. Tinakhala kumbuyo kwa loya wake. A matayala anakhala mbali ina, mayiyo akupukuta magalasi ake kosalekeza, ndipo ndivomere kuti nayenso ankaoneka kuti sanagone. Oweruza analowa motsogozana. Alamu anali atavala mkanjo wawo wakale, wotuwa m'mapewa.

Wapampando atawaitana kuti anene mawu awo, sanatsegule chikwama. Anayandikitsa pakamwa pa chimkuzamawu n'kunena mosathamanga:

"Ndikudzichotsa pa mlanduwu pa chifukwa cha mumtima."

M'khoti munamveka manong'onong'o. Wapampando anawayang'ana nthawi yaitali, popeza ankawadziwa, koma lamulo silimulola kufunsa, ndipo sanafunse. Analengeza kuti aitanitsa woweruza wina kuti adzalowe m'malo mwawo. Alamu anaimirira, anawerama pang'ono, n'kutuluka osayang'ana kumene tinakhala.

"Mayi, tawina?" Dalvina anandinong'oneza. Loya wake anali atagwira mutu ndi manja onse awiri.

Woweruza wolowa m'maloyo anabwera patapita masabata angapo. Anali bambo wothamanga, wa milandu yambiri patebulo. Anawerenga mawu ake ngati akuopa kusiyidwa ndi basi: zimene anachita a matayala n'zolakwa ndithu, koma mwana sadziwa nyumba ina, ndipo kumuchotsa tsopano n'kumulanga iye. Mwana akhale komwe ali. Loya anatiuza panja kuti apilo ina ilipo, ya ku likulu la dziko ku Brasília, koma podzafika poimva mwanayo adzakhala atatha msinkhu, ndipo chaka chilichonse chodutsa chimalimbitsa a mbali inayo. Dalvina sanalire pamenepo. Anafunsa ngati akuloledwabe kumaima tsidya la msewu.

Mumzinda nkhani inawanda. Munthu amene sanathawepo mlandu wathawa wa eni sitolo yaikulu, atatsala pang'ono kupuma: anthu anawonkhetsa okha. Ankati nkhalamba yaona kuti penshoni siikwana. Pa mwambo wowatsanzika mipando yambiri inali yopanda anthu. Iolanda anabwera ku shopu akulira ndi ukali, kuti anthu akunena kuti bambo ake anagulidwa, ndipo bambowo akangofunsidwa amati ndi za mumtima, za mumtima. Ndinamusisita pamsana n'kumuuza kuti anthu salephera kulankhula.

Ine ndinali wokwiya kuposa onse. Ndinkati alamu apeza njira yamantha: mwana asabwerere, koma dzanja lawo lisaoneke. Ndinasiya kupita kukadya kwawo. Kangapo konse ndinafika mpaka pageti la Iolanda kuti ndikachite zimene ndinalonjeza, n'kubwerera.

6

A Neusa sanapondepo mu shopu mwanga kwa zaka zambiri, amati fumbi la nsalu limawayetsemulitsa. Tsiku lina analowa osagogoda, anachotsa nsalu pampando n'kukhala. Anali ataonda.

"Wasiya kubwera chifukwa ukuyesa kuti alamu akowo anamutaya mayi uja," anatero. "Mawu awo anali atawakonza kale iwe usanapite ndi mapini ako. Anandiwerengera pakhonde, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ankati mwana abwerere kwa mayi wake."

A Neusa anapitiriza, maso ali pa makina anga. Anati atamva zimenezo analira, anawagwira miyendo amuna awo, kuwauza kuti akutero akuweruza nyumba yawo yomwe. Masiku angapo sanalankhulane.

"Ukudziwa anandiyankha chiyani? Anati, 'Inde, Neusa, ndikuweruza nyumba yanga. Mwana mmodzi ndinalephera kumubweza kwa mayi wake. Uyu ndimubweza.'"

"Nanga bwanji simunandiuze, achemwali? Tsiku lija potsuka mbale, bwanji simunandiuze?"

"Chifukwa ndinkafuna asinthe maganizo. Ndinayesa zonse, Zuleide, ndinalephera kuwaletsa." Anaimirira n'kukonza siketi yawo. "Unawaletsa ndiwe."

Atatuluka ndinakhala pomwepo mpaka kasitomala wina anandigwedeza paphewa kundifunsa ngati ndikudwala.

7

Iolanda sakudziwabe, ndipo sindikuganiza kuti ndidzamuuza. Ndinaona kale zimene pakamwa panga pamachita ndikakhulupirira kuti ndili pa chilungamo. Ndinayambiranso kupita kukadya Lamulungu. Alamu amakhala pakhonde m'machira mwawo, amandilonjera mwaulemu, amandifunsa za ntchito. Za tsiku lija sanazitchulepo, ndipo dzina lawo loipitsidwalo sanayesepo kulitsuka, popeza kulitsuka n'kutchula ine ndi Iolanda.

Dalvina anabweza diresi langa atalichapa ndi kulisita, zitumbuwa zili pamwamba.

"Munayesetsa, mayi," anatero. "Mlembi uja anauza mnzanga kuti munafika mpaka mu ofesi mwawo chifukwa cha ine. Pakanakhala anthu awiri ngati inu, mwana wanga akanabwera."

Ndinalandira diresilo, ndinathokoza.

Owerenga anzanga, makamaka inu amene munasenza kanthu zaka zambiri osauza munthu, ndimvereni. Ine ndinkayesa kuti ndikumenyera Dalvina, koma ndinkamenyera mtsikana uja amene anachoka ku famu atamanga mabere. Bala lakale limakunamiza kuti ukudziwa mtima wa aliyense amene analipo tsiku limene unavulala. Ndinakhala ndi bambo uja moyo wanga wonse, ndinaona kuti sapotozeka, koma sindinaganizepo kuti naye usiku amatembenuka ndi nkhani yomweyo. Ndinamuweruza osamumva, ndipo chilango chake chinagwera mayi wa zitumbuwa amene analakwa chimodzi chokha, kugogoda pakhomo panga. Ndikanangopinda mkanjo uja monga anandiuzira, Marlúcia bwenzi akugona kwa mayi wake.

Mwina mukufunsa ngati Dalvina ndinamuuza zoona. Ndayesapo. Amabwera Lachisanu lililonse akaweruka, amakhala pampando wa makasitomala, amanditcha mayi wake. Ndimaimitsa makina, ndimatsegula pakamwa, ndipo ndimamufunsa kuti chinangwa chili pa mtengo wanji sabata ino.